Ananditsitsa pa Kamwendo

Maulendo ndayenda ambiri, ena pa basi, ena pa matola, koma pali umodzi umene ndikaukumbukira mtima umandiwira mpaka lero. Unali ulendo woperekeza mtembo wa amuna anga, a Damiano, kuchokera pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kachebere kupita kwawo ku Ntcheu. Chinali chaka chimene tinavota kachiwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

A Damiano anali makaniko wa pa esitetipo. Tinakhala m'banja zaka khumi ndi zinayi popanda mwana, ndipo abale awo mlandu umenewu anaukoleka pakhosi panga ndekha. Chimene tinkalera pakhomo pathu chinali kapikapu kobiriwira, kakale kwambiri, kamene kanabwera m'dziko muno ufulu usanabwere. Mwini esiteti woyamba anakasiya katafa pansi pa mtengo wa mango, a Damiano n'kukadzutsa okha. Anakapatsa dzina lakuti Nachisale, moti anzanga ankandiseka kuti ndili pa mitala. Lamulungu lililonse tikachokera ku Misa ankatsegula boneti, ine n'kumawapatsira masipanala. Pang'ono ndi pang'ono anandiphunzitsa kumvetsera injini, kenako kuyendetsa, mpaka ndinakatenga laisensi.

Anamwalira Lachitatu atadwala miyezi itatu. Lachinayi kunatulukira achimwene awo aang'ono, a Pio, ndi amalume awo, a Mateyu. Misozi isanaume n'komwe anali atalanda kale makiyi a nyumba ndi a galimoto. Bokosi la zitsulo la amuna anga analikhomera m'chipinda, ati katundu wa malemu asayende mpaka abale adzakhale pansi. Uthenga anatumiza ku Ntcheu kuti manda akumbidwe, mwambo udzakhala Lachisanu 2 koloko masana. Mtembo sunabayidwe mankhwala, ndiye ndi kutentha kumene kunalipo aliyense ankadziwa kuti tsikulo silingasunthe.

Lachisanu kutangocha tinakweza bokosi la maliro. Abambo anayi a mumphakati wathu anamangirira nthambi zamasamba kutsogolo ndi kumbuyo kuti pamsewu adziwe kuti pakudutsa maliro. A Pio anakhala pa chiwongolero, amalume pambali pawo. Ine ndinakhala kumbuyo, kumutu kwa bokosi, ndi mnzanga Mayi Zulu, abambo aja atazungulira. A Pio atapotokola kiyi, sitata yodzutsira injini inangolira kamodzi mofooka, n'kuti zii. Anachita kuikankha kutsetsereka kwa ku mabalani a fodya kuti ilire.

"Batire imeneyi inali yodzaza," ndinamunong'oneza Mayi Zulu.

"Khalani chete, mayi. Lero si tsiku lanu lolankhula za mabatire."

Pa boma pa Mchinji tinadutsa bwinobwino. Titayandikira Tembwe, galimoto inaphulika kawiri ku paipi ya utsi, n'kuzima kamodzin'kamodzi. Khutu langa linandiuza pompo. Galimoto ikasowa petulo imayamba yatsokomola, ikoka, ileka, ikokanso, n'kumafa pang'onopang'ono. Iyi inazima ngati nyali imene munthu waiuzira dala. Vuto linali moto wa ku mapulagi, umene umayatsa petulo mu injini.

A Pio anali atakhalapo kondakitala wa minibasi ku Balaka, ndiye ankadziyesa injiniya. Anatsegula boneti, anazula paipi ya petulo, n'kuyamba kuyamwa ndi kulavula.

"Alamu, si petulo ameneyo," ndinafuula. "Taonani moto."

Anadzutsa mutu, milomo ikunyezimira. "Mlamu, inu lirani. Za injini tisiyireni amuna."

Namfedwa sakangana pamsewu, mtembo wa mwamuna wake uli pomwepo. Anayamwa, anauzira, anamenya ndi mwala kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, mpaka theka la ola linatha. Atakankha, inalira. A Pio anakwera akupukuta manja monyada, ati munali kachitsotso m'paipi.

Sitinapite patali. Titangodutsa njira yopatukira ku Guilleme inaphulikanso, n'kuzima chimodzimodzi. Ulendo uno anatsika ndi amalume. Anavula chipewa, anazungulira galimoto pang'onopang'ono, n'kudzaima pambali pa bokosi. Anagogoda katatu.

"Damiano, ndi ine mtsibweni wako. Tikupita nawe kwanu, amako akukudikira. Usavute, mwana wanga. Ngati pali chimene chakukwiyitsa, tikakamba kumudzi."

Kulankhula ndi malemu ine sindikudana nako, kwathunso timatero. Chimene chinandibaya ndi mmene anandiyang'anira pomaliza mawuwo. Tinakhala pamenepo kanthawi, a Pio akuyamwanso petulo wawo. Atakankha inalira, ndipo mmodzi wa abambo aja anati, "Amva." Ine ndinali nditayamba kuona mmene zikuyendera. Ikatentha ikuzima, ikazizira ikulira. Chimenechi chinkandilozera ku koyilo, kachitini kamene kamakuza moto wa batire kuti ukafike ku mapulagi. Koma ndikanauza ndani?

Pa Kamwendo tinafika cha m'ma 10 koloko, ndipo inatizimira pakati penipeni pa malonda, pamene amayi amayala tomato ndi mtedza. Anthu anasiya malonda n'kutizungulira. Dzuwa linali litakwera, chitsulo cha galimoto chikuotcha, ndipo ntchentche zinali zitayamba kutera m'mphepete mwa bokosi. Mayi Zulu anathyola masamba a bulugamu n'kuyala pamwamba, koma tonse tinali titamva kale chimene masambawo ankafuna kubisa.

Amalume anaitanira a Pio ndi abambo aja pambali. Anakambirana motsitsa mawu, n'kubwerera onse pamodzi.

"Maliro akakana katatu chonchi," anayamba amalume, "ndiye kuti m'galimotomu muli munthu amene malemu sakufuna kuyenda naye."

Palibe anatchula dzina. Maso onse anali pa ine.

"Apongozi, tatsikani pang'ono, tione."

"Nditsike ine? Amalume, miyezi itatu munthuyu ali gone ndinkamusambitsa ndine, kumutembenuza ndine, kumumwetsa phala ndine. Inu munali kuti? Galimotoyi yavuta moto. Ndipatseni mphindi khumi zokha pa injinipo."

"Mwamva?" anatero a Pio, akuyang'ana khamu lija. "Mwamuna wafa, iwo maganizo ali pa galimoto. Munthu wamphamvu ngati achimwene angangofa choncho? Mwana simunawabalire, lero mukufuna muwaletsenso kukagona kwawo?"

Zimene ndinawayankha sindingazilembe zonse pano, chifukwa zina ndinakaziulula kwa ansembe. Tinakokana pafupifupi ola lathunthu. Abambo a mumphakati wathu, anthu amene a Damiano ankawakonzera njinga ndi mawayilesi ulere, anangozolika ngati nkhuku zonyowa. Mmodzi anadzandinong'oneza kuti ndingotsika, akaona kuti sikulirabe achita manyazi okha. Ndinatsika. Mkwiyo unandiphimba m'maso moti ndinaiwala chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe, kuti ola lonse limene tinkakanganalo koyilo inali ikuzizira.

Anangokankha mapazi asanu, inalira.

Khamu lija linati "Haa!" Ine ndinayamba kuyenda kuti ndikakwere, koma galimoto sinaime. Abambo aja anadumphiramo ikuyenda. Ndinathamanga ndikukuwa dzina la amuna anga, chitenje chikundikola m'miyendo, ndipo ndinangoona dzanja la a Pio litatuluka pawindo likundibweza. Mayi Zulu yekha ndiye anadumpha n'kugwa m'fumbi, bondo n'kunyuka. Bokosi linapita likuchepa mpaka linazimiririka pokhota.

Chiyambire sindinachitepo manyazi ngati amenewo. Amayi ogulitsa tomato ankakodolana. Wina ndinamumva bwinobwino akuuza mnzake kuti, "Ndi uyo, amene maliro amukana." Ndinadziwa kuti mawu amenewa akafika pa esiteti ine ndisanafike, akafikanso ku Ntcheu, ndipo ndidzafa nalo dzina lakuti ndinapha mwamuna wanga. Akamuika m'manda ine palibe, anthu adzati umboni ndi womwewo.

"Tibwerere kunyumba, mayi," anatero Mayi Zulu akupukuta magazi.

"Kunyumba kukatani? Makiyi ali m'thumba mwa amalume. Tiyeni, tiwapeza Waliranji isanakwane."

"Mwadziwa bwanji?"

"Injini ija ikatentha iwazimiranso. Sikudziwa kuti ine ndatsika."

Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza mpaka pakhomo. Yachiwiri inali itaima pomwepo, kondakitala akukuwa kuti, "Lilongwe! Awiri okha atsala!" Tinakwera, n'kupeza kuti theka la anthu amene anali m'katimo anali anzake ongokhalira mipando kuti ioneke yodzaza. Wokwera weniweni akabwera, mmodzi ankatsika. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso. Tinakhala mmenemo tikuphikika, ine ndikungoganiza za bokosi lili padzuwa. Nditamupempha kondakitala kuti tinyamuke chifukwa ndikuthamangira maliro, anandiyankha kuti aliyense ali ndi maliro ake. Mtengo anatitchulira wa ku Namitete ngakhale tinkatsikira panjira, ndipo Mayi Zulu anamasula mfundo ya chitenje chake n'kulipira.

Tinawapeza cha m'ma 12 koloko, nyumba zoyamba za pa Waliranji zikuonekera patsogolo. Bokosi anali atalitsitsa n'kuliika pamthunzi wa mtengo. Amalume anakhala pa muzu, chipewa chili m'manja. A Pio anali atavula shati n'kuliyala pansi, pamwamba pake atamwazapo kabuleta yense, zidutswazidutswa, atamumasula ndi mpeni.

Sindinapereke moni kwa aliyense.

"Ine munanditsitsa pa Kamwendo. Nanga apa malemu akukana ndani? Atsikenso ndani?"

Ndinalunjika pa injini.

"Alamu, chokani pamenepo."

A Pio anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana dzuwa. A Pio anasuntha.

Nditagwira koyilo ndinachotsa dzanja msanga. Inali ikuotchabe, ndipo m'khosi mwake munali mutatuluka mafuta. Ndinamasula timakilipi tiwiri n'kuchotsa chivindikiro cha disitibyuta, mmene mumagawidwa moto wopita ku mapulagi. M'katimo muli tizitsulo tiwiri totchedwa mapoyinti, timene timatsekuka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. A Damiano ankatisunga towala ngati ndalama yatsopano. Tsikulo ndinatipeza takuda bii, titapsa mpaka kukumbika. Zimenezi sizichitika zokha m'masiku awiri.

Ndinasuzumira kutsogolo kumene ankakhala a Pio. M'wayilesi ya galimoto munali mutatsalira kaseti ya nyimbo za maliro. Apo m'pamene zonse zinandibwerera. Pa siwa, ine ndili m'nyumba ndi amayi, ndinkamva nyimbo zikulira panja, koma ndinkayesa kuti wina wabwera ndi wayilesi yake ya mabatire.

"Kaseti iyi inalira mpaka liti?"

A Pio anakanda m'mutu. "Akwaya anatopa, mlamu. Ndiye tinati achimwene asagone mwa zii ngati munthu wopanda abale. Inalira mpaka inasiya yokha."

"Injini ili chizimire?"

"Nanga tikanatha petulo wa ulendo?"

Ndinamva ngati ndiwaponyere chivindikiro chija kumaso. Wayilesi ya galimoto imene ija sinkalira popanda kutsegula kiyi. Ukatsegula kiyi injini isakuyenda, moto umangodutsa pa mapoyinti osapuma, n'kumawaotcha, koyilo nayo n'kumaphikika. A Damiano ankaopa zimenezi moti kiyi ankapita naye ngakhale kubafa.

"Ndinu munapha galimotoyi, alamu. Batire munamaliza ndinu, mapoyinti munaotcha ndinu, koyilo munaphika ndinu. Mwatha mmawa wonse mukumwa petulo, kenako n'kuuza msika wathunthu kuti ine ndinapha mwamuna wanga. Koyilo ina yabwinobwino ili m'bokosi la zitsulo lija. Lili kuti bokosilo, amalume?"

Amalume anagwira thumba la jekete mmene munali makiyi a nyumba.

Nthawi yolalata inalipo yochepa. Ndinatuma mmodzi wa abambo aja kwa wokonza njinga pa Waliranji kukabwereka sikuludiraiva ndi pulayala, wina ku mjigo ndi chigubu. Amalume ankasuta, ndiye ndinawalanda bokosi la machesi. Ndinang'amba mbali yokhulira ija, n'kuipinda, n'kuyamba kukwecha nayo mapoyinti mpaka chitsulo chinayamba kuoneka. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako ndinauza abambo kuti agwedeze galimoto ili m'giya mpaka mapoyinti atayasama, ndipo mpata wake ndinayeza ndi kachikatoni ka machesi komweko, monga ankachitira a Damiano akaiwala choyezera.

Kabuleta ndiye anatidyera nthawi. Kasikulu kamodzi kanali katagwera mumchenga, moti anthu akuluakulu asanu anagwada n'kumasefa dothi ndi zala. Anakatola ndi Mayi Zulu. Pomanga, a Pio anafuna kundithandiza, ndinawamenya dzanja.

Chinatsala ndi koyilo. Inafunika nsalu yonyowa yoikulunga kuti izizizira m'njira. Shati la a Pio linali litanona petulo, likanatiyatsira moto. Ndinamasula duku langa lakuda.

"Apongozi, namfedwa savula duku maliro asanaikidwe," anatero amalume.

"Ndiye vulani jekete lanulo."

Sanavule. Ndinanyika dukulo m'madzi, ndinafinya, n'kukulunga thupi la koyilo, kusiya kumutu kumene kuli mawaya kuti kusanyowe. Ndinatsegula kiyi, ndinazula waya wapakati n'kuuyandikiza ku chitsulo cha injini, n'kutsekula mapoyinti ndi sikuludiraiva. Moto unadumpha, wabuluu, ukulira kuti tcha. Ndinabwezera zonse m'malo mwake.

"Kwezani bokosi. Alamu, inu mukhala kumbuyo, muzikankha."

"Mlamu, mkazi angayendetse maliro a mwamuna wake? Kumudzi akatiseka."

"Akakusekani kwambiri mukafika mawa ndi mtembo woti anthu sangauyandikire."

Amalume anadzuka pa muzu paja. "Pio, kwera kumbuyo."

Mayi Zulu anakhala pakati, amalume kukhomo. Atakankha ndinaiponya m'giya yachiwiri, ndinasiya kilatchi, ndipo Nachisale analira bwinobwino, mawu ake akale aja. Nthawi inali itadutsa 1 koloko.

Kuchokera pamenepo sindinaizimitsenso. Pa Namitete, pa Msundwe, ndiponso tisanalowe mu Lilongwe, ndinkaima injini ikulira, Mayi Zulu n'kutsika kukanyowetsa duku. Pa rodibuloko wapolisi anaona nthambi zija n'kuvula chipewa, kenako anaona ine pa chiwongolero, mutu uli pamtunda, manja ali bii. Anayang'ana laisensi yanga kawiri, n'kutikodola kuti tizipita. Pa Nathenje tinathira petulo injini ili chilirire, wothirayo akudandaula. Pa zitunda za ku Dedza inajejema kamodzi, ndipo ndinamva kumbuyo onse atasiya kuyimba. Ndinatsitsa giya, inakoka. Pa Lizulu amalume anatsika okha ndi chigubu kukanyowetsa duku lija.

Misozi sinabwere. Ndinkayendetsa mano ali chilumire, ndikubwereza mumtima mawu onse amene ndikawauze anthu a kumudziko akangoyerekeza kunditchula.

Tinafika dzuwa litapendeka kwambiri. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi kuyambira masana, ndipo anthu ena a midzi yakutali anali atabwerera. Galimoto italowa pabwalo, kulira kunayamba, koma kunadukiza anthu ataona amene akutsika ku chiwongolero. Apongozi anga aakazi, amayi awo a Damiano, anatuluka m'nyumba atagwiriziridwa. Mayi amenewa zaka zonse zija sanandiitanepo ndi dzina, ankangoti "uja wa ku Mchinji".

"Achimwene," apongoziwo anafunsa amalume, "mwana wanga mwamuchedwetsa kuti tsiku lonse?"

Ine ndinali nditakonzeka, mawu ali kukhosi. Amalume anavula chipewa, anayang'ana a Pio, n'kuyankha mokweza kuti aliyense amve.

"Mwana wanu anavuta m'njira, mlongo wanga. Ife tinalakwa, tinamusiyira mkazi wake pa Kamwendo. Ndiye anakaniratu kuyenda, mpaka mkazi wakeyo anachita kubwera kudzamuyendetsa yekha."

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira manja anga, akuda ndi mafuta momwemo, n'kundikokera kutsogolo, kumutu kwa bokosi.

"Khala apa, Nabanda. Umufikitse."

Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti anali mapoyinti ndi koyilo basi, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma tsiku lonse anthu amenewa anakhala akuwaikira amuna anga mawu m'kamwa, ndipo awa okha ndi amene a Damiano eni ake akanawavomera. Sindinatsutse.